Kulira kwa mfuti kumagonthetsa: tetezani makutu anu

Tikamva za mfuti, maganizo athu amathamangira ku cipolopolo. N'zoona, cipolopolo cimapha. Koma mfuti ili ndi ngozi inanso imene anthu saikamba kawirikawiri. Ngoziyo ndi kulira kwake. Kulira kwa mfuti kumapweteka khutu la munthu amene wawombera, komanso la amene waima pafupi naye. Nthawi zambiri magazi satuluka, bala silioneka, ndiye munthu amabwerera kunyumba akuyesa kuti ali bwinobwino. Pakapita zaka amangozindikira kuti aliyense akamuyankhula, iye akufunsa kuti, "Mwati bwanji?"

M'nkhani ino muwerenga mmene khutu limamvera, mmene mfuti imaliwonongera, ndi zimene mungacite kuti mudziteteze. Mfundo yaikulu ndi iyi: khutu likawonongeka m'kati cifukwa ca phokoso, silibwerera mwakale. Koma kuliteteza n'kotheka, ndipo sikulira ndalama zambiri. Werengani pang'onopang'ono. Mukapeza mawu ovuta, bwerezani ciganizoco.

Nkhaniyi ikukhudza ndani?

Muno mu Moçambique anthu ambiri anamvapo mfuti ikulira pafupi. Nkhondo yomenyera ufulu inayamba mu 1964 ndi kutha mu 1974. Pambuyo pake panabwera nkhondo ya zaka 16, imene inatha pa 4 Okutobala 1992 atasainirana pangano la mtendere ku Roma. Ku Tete, ku Niassa ndi ku Zambézia kuli amuna ndi akazi ambiri amene anamenya nkhondo zimenezi, kapena anathawa mfuti zikulira kumbuyo kwawo. Munthu amene anali ndi zaka 20 mu 1992, lero wapitirira zaka 50. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, kapena ndi bambo anu, amalume anu, amuna anu, nkhaniyi ndi yanu.

Si za kale zokha ayi. Kuyambira mu 2017 ku Cabo Delgado kukumveka mfuti. Caka ndi caka anyamata ndi atsikana amene akwanitsa zaka 18 amalembetsa ku tropa, ndipo ena amaitanidwa kukaphunzira kuwombera. Pali apolisi, alonda onyamula mfuti, oyang'anira nyama ku Mágoè ndi ku nkhalango ya Niassa, alenje, ndi anthu amene amaliza mfuti pothamangitsa njovu m'minda. Palinso anchito a m'migodi ya malasha ku Moatize, kumene amaphulitsa miyala. Kuphulika kwa bomba, kwa onga wa mumgodi, ngakhale kwa makombola a pa caka catsopano, kumapweteka khutu monga mmene mfuti imacitira.

Kumbukiraninso kuti kusunga mfuti popanda cilolezo ca boma ndi mlandu. Pano tikukamba za makutu basi.

Mmene khutu limamvera

Khutu lili ndi zigawo zitatu. Coyamba ndi cimene timaona kunjaku, pamodzi ndi kabowo kolowa m'kati. Nchito yake ndi kusonkhanitsa mawu ndi kuwalowetsa.

Caciwiri cili pakati. Kumapeto kwa kabowo kaja kuli kacikopa kopyapyala, kokungika ngati cikopa ca ng'oma. Tikachule kuti kang'oma ka m'khutu. Mawu akafika, kang'omako kamanjenjemera ndi kugwedeza timafupa titatu timene tili kuseri kwake. Timafupa timeneti ndiye tating'ono kuposa mafupa onse a m'thupi mwanu.

Cacitatu cili m'kati mwenimweni, cobisika m'fupa la mutu. Mmenemo muli kanthu kopindika ngati cigoba ca nkhono, kakang'ono ngati njere ya nandolo. Kankhono kameneka ndi kodzaza ndi madzi. M'kati mwake muli timaselo tokhala ndi titsitsi pamwamba, pafupifupi 15,000 m'khutu lililonse. Simungatione ndi maso. Madzi aja akagwedezeka, titsitsi timawerama ndi kutumiza uthenga ku ubongo kudzera mu mtsempha. Ubongo ndiye umazindikira kuti uyu ndi mwana akulira, uyu ndi tambala, iyi ndi galimoto ikubwera.

Titsitsi timeneti mumabadwa nato, ndipo tikafa sitimeranso. Tsitsi la kumutu mukameta limamera. Cikhadabo cikathyoka cimakulanso. Bala limapola. Koma titsitsi ta m'khutu ayi. Mpaka lero palibe mankhwala, kaya a kucipatala kaya acikuda, amene angadzutse titsitsi takufa. Paja madzi akatayika saoleka.

Phokoso limapimidwa

Cimanga timapima ndi makilo, ulendo ndi makilomita. Phokoso nalo lili ndi muyeso wake, umene umachedwa madesibelo. Polemba amafupikitsa kuti dB. Onani zitsanzo izi:

- Kunong'onezana: pafupifupi 30 dB
- Kuceza pakhonde: pafupifupi 60 dB
- Njinga yamoto kapena cigayo mukaima pafupi: 90 dB kapena kuposa
- Phokoso limene limayamba kuwawa m'khutu: 120 mpaka 130 dB
- Mfuti yaing'ono kwambiri: pafupifupi 140 dB
- Mfuti ya asilikali kapena ya alenje: 155 mpaka 170 dB

Manambalawa musawawerenge ngati mukuwerenga mbuzi. Mukawonjezera 10 dB, mphamvu ya phokoso imakula ka 10. Mukawonjezera 20 dB, imakula ka 100. Ndiye kuti mfuti ya 160 dB imamenya khutu ndi mphamvu yoposa ya 140 dB ka 100.

Nthawi nayo ndi yofunika. Pa 85 dB, malire a munthu wogwira nchito ndi maola 8 pa tsiku. Pa 88 dB nthawiyo imatsika kufika pa maola 4, pa 91 dB maola 2, ndipo pa 100 dB mphindi 15 zokha. Nanga phokoso la kamodzi, longa la mfuti? Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, limene m'Cipwitikizi limachedwa OMS, limati munthu wamkulu asamve phokoso lotere loposa 140 dB, ndipo mwana asamve loposa 120 dB. Yang'ananinso pamwambapo. Muona kuti pafupifupi mfuti iliyonse imafika pa malire amenewa kapena kuwapitirira. Cipolopolo cimodzi cokha cingathe kusiya cilema ca moyo wonse.

Zimene zimacitika mfuti ikalira

Onga ukapsa, mpweya wotentha umatuluka ku mlomo wa mfuti mwamphamvu zedi. Mpweyawo umakankha mpweya unzake, ndipo funde lake limalowa m'khutu ngati nkhonya. Zonsezi zimatha msanga kuposa kuphethira kwa diso. M'khutu muli kamnofu kamene kamakokana phokoso likakula, kuti kateteze za m'kati. Tsoka lake, mfuti imafulumira kuposa kamnofuko. Pamene kakuti kakokane, nkhonya yafika kale.

Ganizirani munda wa cimanga mphepo yamkuntho itadutsa. Mapesi ena angowerama, ndipo pakapita masiku amadzuka. Ena athyokeratu. Titsitsi ta m'khutu timacitanso cimodzimodzi. N'cifukwa cake munthu akawombera, makutu amatseka, ndipo patapita maola angapo kapena masiku awiri amayambanso kumva. Iye amati, "Ndacira." Inde, titsitsi towerama tadzuka, koma tothyoka tatsala pansi. Akawomberanso mawa, tina timathyoka. Munda ukucepa, ndipo munda umenewu subzalidwa kaciwiri.

Kuphulika kwakukulu, monga kwa bomba, kungathenso kung'amba kang'oma ka m'khutu. Munthu amamva kuwawa, ndipo mwina magazi kapena madzi amatuluka. Nthawi zambiri kang'omako kamapola kokha m'masabata angapo, bola khutu likhale louma ndipo musalowetsemo kanthu.

Pali cina codabwitsa. Munthu wowombera mfuti yaitali ndi dzanja lamanja, khutu limene limayamba kufa ndi lakumanzere. Cifukwa cake n'cakuti akatsamiza tsaya pa mfuti, khutu lakumanja limabisala kuseri kwa mutu ndi phewa, pamene lakumanzere limayang'ana ku mlomo wa mfuti. Wamanzere zimamucitikira mosemphanitsa. Ngati munagwirapo mfuti, tadzifunsani: foni mumaiika khutu liti, nanga n'cifukwa ciyani?

Zizindikiro zake

Kugontha kobwera ndi phokoso sikuyamba ndi kusamva ciliconse ayi. Kumayamba mwakacetecete. Yang'anirani izi:

- Khutu limalira lokha, ziii kapena ngwiii ngati nyenje, makamaka usiku kukakhala bata. Kucipatala, m'Cipwitikizi, amati zumbido.
- Mumamva ngati m'khutu muli madzi kapena thonje.
- Mawu opyapyala amasowa: mbalame, nkhululu, kulira kwa foni, mawu a ana ndi a amayi.
- Mumamva kuti munthu akuyankhula, koma mawu ake simukuwagwira.
- Pagulu, monga pamsika, pamaliro kapena pamsonkhano wa amfumu, mumangoona milomo ikugwedezeka.
- Mumakweza wailesi mpaka apabanja kudandaula.
- Anthu amakufunsani kuti, "Bwanji mukukuwa?"

Titsitsi timene timayamba kufa ndi tija tomva mawu opyapyala. Zilembo monga s, f, ts, ph, th ndi kh zimamveka ndi mawu otero. Ndiye munthu amasokoneza "fula" ndi "sula", "phala" ndi "khala", "samba" ndi "tsamba".

Inu amene mukuphunzira kuwerenga ndi kulemba, apa pakukhudzani. M'makalasi a akuluakulu, wophunzira wa vuto limeneli amalemba "sula" pamene mphunzitsi wanena "fula". Akalakwa kawiri katatu, amayesa kuti mutu wake ndi wouma, ndipo ena amasiya sukulu. Conde musasiye. Nzeru zilipo, limene likuvuta ndi khutu.

Kunyumba nako kumabuka mikangano. Amayi akunyumba amati, "Bambo awa amandinyalanyaza." Adzukulu amaleka kuceza ndi agogo awo. Pamsewu, munthu samva galimoto ikubwera kumbuyo. Mlonda wosamva mapazi a wakuba usiku, nchito imamuthera.

Zimene anthu amanena

"Makutu anga anazolowera." Khutu silizolowera phokoso. Ngati mfuti imene kale inkakuwawani lero sikuwawaninso, ndiye kuti titsitsi tambiri tafa kale.

"Kamodzi kokha sikapweteka." Kamodzi kangakwane, makamaka mfuti ikalira pafupi ndi mutu kapena m'nyumba.

"Ine ndimaika thonje." Thonje, pepala kapena kansanza zimacepetsa phokoso pang'ono kwambiri. Mpweya umadutsamo, ndipo phokoso limadutsira momwemo.

"Ndimatsegula pakamwa powombera." Kutsegula pakamwa sikuchinga phokoso. Limalowabe m'khutu ndi mphamvu yake yonse.

"Mwamuna weniweni satseka makutu." Titsitsi ta mwamuna wamphamvu ndi ta munthu wofooka n'timodzimodzi. Msilikali wakumva bwino ndiye amamva lamulo la mkulu wake, ndipo mlenje wakumva bwino ndiye amamva nyama ikuswa tsamba.

"Khutu likalira ndiye kuti wina akukunena." Anthu amatero poceza. Koma ngati khutu layamba kulira mfuti italira, silikunena za anthu ayi. Likukuuzani kuti lavulala. Si ufiti, si misala.

Mmene mungadzitetezere

Lamulo lake ndi limodzi: tsekani makutu mfuti isanalire. Kutseka italira kale kuli ngati kutseka khola fisi atatenga mbuzi.

Zotsekera za siponji. Izi ndi tisiponji tofewa tolowetsa m'khutu. M'Cipwitikizi amati tampões. Zimapezeka m'masitolo a ferragem ndi m'mafamasi ena a m'tauni, ndipo mtengo wake ndi wocepa. Zikavalidwa bwino zimacotsa pakati pa 15 ndi 30 dB. Pa paketi pamalembedwa nambala ya madesibelo. Sankhani za nambala yaikulu. Kavalidwe kake ndi aka:

1. Sambani m'manja.
2. Finyani kasiponji ndi kukapota ndi zala mpaka kakhale kowonda ngati kamtengo.
3. Dutsitsani dzanja lina pamwamba pa mutu, mukokere khutu m'mwamba ndi kumbuyo. Mukatero kabowo kamawongoka.
4. Lowetsani kasiponji msanga kasanafufume.
5. Kagwireni ndi cala uku mukuwerenga mpaka 30, kuti kafufumire m'katimo.
6. Citani cimodzimodzi ku khutu linalo.

Kuti mudziwe ngati mwavala bwino, yankhulani. Mawu anu amveke ngati mukuyankhulira m'mgolo. Mnzanu akaima kutsogolo kwanu asaone siponji yatulukira kunja. Kasiponji kongokhazika pakhomo pa khutu n'cimodzimodzi osavala. Kakada kapena kakauma, katayeni. Musabwerekane, cifukwa mungapatsirane matenda a m'khutu.

Zophimba makutu. Izi zimaoneka ngati timbale tiwiri tolumikizidwa ndi lamba wodutsa pamutu. M'Cipwitikizi amati abafadores. Kuvala kwake n'kosavuta, ndipo zimakhalitsa. Cofunika n'cakuti zigwire khungu mozungulira khutu lonse. Cipewa, duku, tsitsi lambiri kapena miyendo ya magalasi zikalowa pansi pake, pamatsala mpata ndipo phokoso limalowera pomwepo.

Zonse ziwiri pamodzi. Pa mfuti zazikulu, kapena pophunzira kuwombera pamene mfuti zambiri zikulira, valani tisiponji m'kati ndi zophimba pamwamba. Tiyeni tiwerengere. Mfuti ya 160 dB, mukacotsa 25 dB za tisiponji, pamatsala 135 dB. Mwatsika pansi pa malire a 140 aja, koma pang'ono cabe. Zophimba zikabwera pamwamba zimacotsanso pafupifupi 5 dB. Zikuoneka zocepa, koma kumbukirani kuti madesibelo sawerengedwa ngati mbuzi.

Ena amaopa kuti akatseka makutu samva lamulo. Mawu okweza amamvekabe ngakhale mutavala tisiponji. Mungathenso kupangana zizindikiro za manja musanayambe. Mlenje amange tisiponji ku kacingwe ndi kukoleka m'khosi, kuti avale nthawi yowombera ikayandikira. Ziliponso zophimba za mabatire zimene zimalola mawu a anthu kudutsa koma zimachinga kulira kwa mfuti, kungoti ndi zodula.

Ngati mulibe ciliconse. Muli ndi zala. Kutsogolo kwa bowo la khutu kuli kanofu kolimba. Kakanikizeni ndi cala mpaka bowolo litsekeke. Njira imeneyi imachinga phokoso kuposa thonje, ndipo ndi yabwino kwa munthu amene sakuwombera koma waona kuti mfuti ikufuna kulira, monga pa maliro a msilikali kapena pa mwambo wa boma.

Talikirani. Pabwalo, mukatalikira kawiri kuposa pamene munali, phokoso limatsika ndi 6 dB. Kucoka pa mita 1 kufika pa mamita 2, latsika ndi 6. Kufika pa mamita 4, latsika ndi 12. Ngati nchito yanu ikufuna kuti mukhale pafupi, imani kumbuyo kwa wowombera. M'mbali mwa mlomo wa mfuti ndiye moipa.

Samalani ndi malo. M'nyumba, m'galimoto, m'phanga kapena pafupi ndi khoma, phokoso limagunda ndi kubwerera m'khutu. Mfuti yaifupi imaliriranso pafupi ndi mutu kuposa yaitali. Gogodela wosula pamudzi ali ndi ngozi ina: angathe kuphulikira pankhope.

Ana. Musapite ndi mwana kosaka ndi mfuti kapena kumalo ophunzirira kuwombera. Musamulole kuphulitsa makombola m'manja kapena pafupi ndi mutu wa mnzake. Mfuti zikalira mwadzidzidzi, coyamba ndi moyo: gonani pansi, kapena bisalani. Mukabisala, tsamizani khutu limodzi la mwana pacifuwa panu, linalo mulitseke ndi cikhatho.

Ku nchito. Lamulo la nchito la dziko lathu limati wolemba anchito apereke zida zodzitetezera pamene pali ngozi. Ngati ndinu mlonda wa mfuti kapena wanchito wa mumgodi, pemphani zotsekera makutu monga mmene mumapemphera jombo ndi cisoti. Si mwano ayi.

Phokoso lina. Khutu silisankha kumene phokoso lacokera. Cigayo, makina odulira matabwa, kusula malata, nyimbo zokweza pa baraka kapena pa ukwati, ndi timawaya tomvetsera nyimbo za m'foni, zonse zimawonjezera pa bala limene mfuti inasiya. Nayi njira yodziwira popanda makina: ngati mukuyenera kukuwa kuti munthu amene waima pa mtunda wa mkono umodzi akumveni, phokosolo lapitirira. Tulukani, kapena tsekani makutu.

Mfuti ikalira pafupi nanu

Ngati makutu atseka kapena akulira, cokani pa phokoso. Apumitseni tsiku lathunthu kapena kuposa: osapita kucigayo, osakweza wailesi, osawomberanso.

Pitani kucipatala tsiku lomwelo mukaona cimodzi mwa izi:

- magazi, madzi kapena mafinya akutuluka m'khutu
- kuwawa kwambiri
- cizungulire, kusanza kapena kudzandira poyenda
- khutu limodzi kapena onse asiyiratu kumva
- mbali imodzi ya nkhope yafooka

Ngati palibe zimenezi, koma tsiku latha makutu osatseguka, pitaninso. Musadikire mwezi. Pali mankhwala amene dokotala angapereke kwa munthu amene wagontha mwadzidzidzi, ndipo amathandiza kwambiri akaperekedwa m'masiku oyambirira.

Musathire kanthu m'khutu: mafuta, mkaka wa m'mawere, madzi a masamba, mankhwala odonthezera ogula pamsika, ayi. Ngati kang'oma kang'ambika, zinthu zimenezi zimalowa m'kati ndi kuyambitsa mafinya. Musatokose ndi nthenga, kamtengo ka macesi kapena kiyi. Posamba, pakani vaselini pa kathonje ndi kutseka pakhomo pa khutu kuti madzi asalowe. Apa ndiye pamene thonje lili ndi nchito. Musasambire m'nyanja kapena mumtsinje mpaka a cipatala atanena kuti kang'oma kapola.

Kucipatala kumacitika zotani?

Yambirani pa cipatala cimene muli naco pafupi. Anamwino amaunika m'khutu ndi kanyali. Nthawi zina amapeza kuti vuto ndi litsiro louma limene latseka bowo, kapena matenda amene amacizika. N'cifukwa cake si bwino kungoganiza nokha kuti, "Basi, ndi nkhondo ija." Ngati pakufunika kupima kwambiri, akupatsani guia yopita nayo ku cipatala cacikulu, monga ca provinsiya ku Tete kapena ku Lichinga. Dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi amachedwa otorrino. Makina opimira kumva sapezeka pa cipatala ciliconse, conco guia yanu muisunge bwino.

Kupima kumva sikuwawa. Amakuvekani zomvetsera m'makutu, ndipo mukamva kaphokoso mumakweza dzanja kapena kudina kabatani. Zotsatira zake amazijambula pa pepala. Pepalalo lisungeni, cifukwa lidzathandiza kuona ngati vuto likukula.

Fotokozani zonse: munagwira mfuti zaka zingati, ndi dzanja liti, khutu liti likuvuta, ndipo linayamba liti. Nenaninso za vuto lanu nthawi iliyonse mukamalandira mankhwala. Kwinini amatha kuliza makutu, ndipo mankhwala ena obaya, monga gentamicina ndi estreptomicina, angathe kuwononga kumva. Musasiye mankhwala panokha. Auzeni anamwino, iwo ndiye aone cocita.

Ena amathandizidwa ndi kamakina kovala m'khutu, kamene m'Cipwitikizi amati aparelho auditivo. Kamakinaka sikadzutsa titsitsi takufa. Kamangokweza mawu kuti titsitsi totsala timve. Kamayendera batire, kamadana ndi madzi, ndipo kayenera kukonzedwa molingana ndi pepala la kupima kwanu. Ka mnzanu sikangakuyenereni.

Ngati vuto lilipo kale

Simuli nokha. Mu 2021 bungwe la OMS linanena kuti anthu pafupifupi 430 miliyoni pa dziko lonse ali ndi vuto la kumva lofunika cithandizo. Caka ciliconse pa 3 Malici dziko lonse limakumbukira za makutu ndi kumva. Musacite manyazi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Coyamba, tetezani kumva kumene kwatsala. Ena amati, "Ndinagontha kale, nditsekerenji?" Titsitsi totsalato ndiye cuma canu. Tikapita nato, mudzasowa ngakhale mawu a mdzukulu wanu.

Caciwiri, auzeni anthu. Nenani kuti, "Khutu ili silimva bwino, bwerani mbali iyi." M'kalasi khalani kutsogolo, khutu labwino liloze kwa aphunzitsi, ndipo apempheni kuti mawu atsopano aziwalemba pa bolodi. Kuwerenga ndi kulemba kumene mukuphunziraku ndi mnzanu wamkulu. Uthenga wolemba pa foni, kalata ya kucipatala, cikwangwani ca pamsewu, zonsezi zimalowa ndi maso.

Cacitatu, khutu lolira lokha limavuta kwambiri kukakhala zii. Usiku tsegulani wailesi motsitsa, kuti maganizo acoke pa kulirako. Anthu ambiri pakapita nthawi amaleka kukulabadira. Koma ngati kukukulepheretsani kugona, kapena kukukumbutsani zoopsa za kunkhondo mpaka mtima kusweka, kambani ndi a cipatala. Zimenezonso zili ndi cithandizo cake.

Inu apabanja, nayi mbali yanu. Muitaneni kaye munthuyo kapena mumugwire paphewa, kenako muyankhule. Muyang'aneni kumaso, pamalo powala, kuti aone milomo yanu. Yankhulani momveka ndi mosathamanga, osakuwa, cifukwa kukuwa kumasokoneza mawu. Tsitsani wailesi. Akapanda kumva, nenani ndi mawu ena. Musamuuze kuti, "Basi, zisiyeni," cifukwa mawu amenewa amamucotsa pagulu. Ana aletseni kumuseka kapena kumucha maina. Kwa amene samva konse, dziko lathu lili ndi cinenero ca manja, Língua de Sinais de Moçambique, ndiponso bungwe la anthu osamva lochedwa ASUMO.

Ngati mwana wanu waitanidwa ku tropa, kapena wapeza nchito ya ulonda, muikireni tisiponji m'cikwama pamodzi ndi sopo ndi bulangete. Muonetseni kavalidwe kake asananyamuke.

Mafunso okambirana ndi anzanu

1. Khutu lili ndi zigawo zingati? Titsitsi timapezeka m'cigawo citi?
2. N'cifukwa ciyani wowombera ndi dzanja lamanja amayamba kugontha khutu lakumanzere?
3. Mfuti yalira ndi 165 dB, ndipo tisiponji tacotsa 25 dB. Patsala madesibelo angati? Kodi zophimba zikufunikanso?
4. Chulani zinthu zitatu zimene simuyenera kuika m'khutu.
5. M'mudzi mwanu, ndi malo ati kumene anthu amakuwa kuti amvane? Lembani maina a malowo m'kope mwanu.